Khala Kumsana kwa Sabina

Sunthirani kuno, nkhani iyi siyokweza nayo mawu. Eni ake a kutsidya kwa mtsinje wa Nkhonde akafuna kuikamba amayamba asuzumira panja, ndipo dzina limodzi la m'nkhaniyi amangolinong'ona. Ine ndilitchula poyera, poti amene ankaliitana si ine.

M'mudzi wa Chikuse mudali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Emelida. Adali mayi wa mpingo weniweni, wa bulauzi yoyera ndi duku losita, ndipo za mizimu ankangoziseka. Wina akanena kuti mwana wa uje wabadwa ndi nkhope ya agogo ake, ndiye kuti agogowo abwerera, Emelida ankayankha osasiya n'komwe kukanda dongo lake: "Ndiye kuti anapiye anga onsewa ndi tambala uja tidadya pa Khirisimasi, poti afanana naye." Anthu ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Emelida adali ndi mng'ono wake mmodzi yekha, Sabina, amene adamulera ndi manja ake amayi awo atamwalira. Sabina adakwatiwa kutsidya, m'mudzi wa Mphanda, ndipo adamutenga chitengwa. Mwamuna wake Lameki adali wa mtima wabwino koma wopanda mawu pakhomo pake. Woyendetsa zonse adali mlongo wake, Dorika, mayi wosunga miyambo amene ankadziwa choyenera kuchitika pa maliro aliwonse, pa chikuta chilichonse, ngakhale pamene sadamufunse. Zaka zitapita Sabina wopanda mwana, Dorika adayamba kumutcha chumba, poyamba kumbali, kenaka pachitsime anthu akumva.

Tsiku lina mvula itayamba, Sabina adawoloka kudzathandiza mkulu wake kukumba dongo kudambo. Ali m'dzenjemo adagwira dzanja la Emelida n'kuliika pamimba pake.

"Akulu, ndaima," adatero monong'ona.

Emelida adakhala pansi m'matope momwemo, misozi ili mbwee. Atapukuta maso adati, "Tseka pakamwa. Asamve munthu, ngakhale amuna ako, mpaka iwoneke yokha. Pakhomo pako paja pali maso oipa."

Mukuona nokha: mayi woseka za mizimu, koma mwambo woti mimba yaing'ono saitchula ankausunga ndithu. Tonsefe timatero, timataya zina n'kubisa zina pansi pa mphasa.

Mimbayo isanaoneke, malungo adamugwira Sabina, ndipo sadachedwe naye. Mvula idali itakwiya sabata imeneyo, Nkhonde atadzaza mpaka m'madimba. Wamthenga adawoloka mochedwa, Emelida nayenso adawoloka mochedwa, madzi ali m'khosi. Pofika kwa Mphanda adapeza anthu akusamba m'manja, atachokera kale kumanda.

Kumudzi kumeneko adali ndi miyambo iwiri imene muyenera kuidziwa. Mkazi akafa wosabereka, ankamuika khala kumsana asanamukulunge, kuti mzimu wake upite mumdima osabwereranso, ndipo dzina lake sankapatsa mwana aliyense. Koma mkazi akafa ali ndi pakati, adzukulu ankawalekanitsa, mayi manda ake, mwana kamanda kake pambali, chifukwa awiri sagona dzenje limodzi.

Emelida adalowa m'nyumba ya maliro zovala zikudontha. Adalira mpaka mawu kusasa, kenaka adafunsa, "Nanga mwanayo mwamuika pati?"

Amayi onse adayang'anana.

"Mwana wake uti, alamu?" adafunsa Dorika.

"Sabina adali woyembekezera."

Dorika adakonza chitenje chake pang'onopang'ono. "Chisoni chimalankhulitsa zambiri. Wosambitsa malirowo ndinali ine. Ndachita zimene timachita ndi munthu wouma, khala ndaika ndi dzanja langa ili. Mukanakhala ndi nkhani yotere mukadanena iye ali moyo."

Emelida adayang'ana Lameki, koma Lameki ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Palibe adamukhulupirira. Ena adati akufuna kuchotsa manyazi a mng'ono wake. Emelida adabwerera kwawo anthu asanamete n'komwe, ndipo chimene adawoloka nacho mtsinje tsikulo sichidali chisoni chokha. Adadana ndi Dorika ndi mtima wake wonse, chidani chodzuka nacho m'mawa n'kugona nacho madzulo. Kutchalitchi ankapitabe, koma pa mawu okhululukira adani ankangoyendetsa milomo.

Chaka chotsatira kudamveka zoseketsa. Dorika, amene ana ake adali atakula kale, amene aliyense ankati adatseka, adapezeka ali ndi pakati. Adabereka mwana wamkazi n'kumutcha Kelita. Emelida atamva adalavula pansi. Wouma adamukwirira ndi mwana m'mimba, womukwirirayo ndiye akupatsidwa wina woonjezera.

Amayi awiriwa ankakumana pamsika wa Lachitatu, wina ndi mbiya zake, wina ndi tomato, koma moni sankapatsana. Kelita adakulira pamsikapo, choyamba kumsana, kenaka akuyendayenda pakati pa malonda a anthu. Adali mwana wachete, wa maso aakulu, wosakonda kusewera ndi anzake. Tsiku lina, atafika msinkhu wotumika kukapala moto, adafika pa mbiya za Emelida n'kunjuta. Adaloza mtsuko wina wakale umene Emelida ankasungiramo madzi akumwa, wosagulitsa, umene adaumba Sabina.

"Uwu ndimaudziwa," adatero mwanayo.

Powerama kuti ausuzumire, kadiresi kake kong'ambika kadatseguka kumbuyo. Pakati pa msana padali banga lakuda bii, lalikulu ngati khala lotola pamoto.

Emelida adaliyang'anitsitsa bangalo. Kenaka mumtima adamva china chake chotentha, chokoma, chimene adali asanamve chimwalirire mng'ono wake. Madzulo ake adauza amayi anzake kuti Sabina wabwerera, ndipo wadzera m'mimba mwa amene adamutsekera njira.

"Inu a Emelida, si inu munkati ndi za anapiye?" adamufunsa wina.

"Ndinkalankhula ndisanaone," adayankha.

Nkhani idawoloka mtsinje msanga kuposa munthu. Ndipo taonani zodabwitsa: Dorika, mwini miyambo uja, Lamulungu lotsatira adapezeka pa benchi lakutsogolo m'tchalitchi, akuyimba mokweza kuposa onse. Aliyense womufunsa za banga la mwana ankamuyankha kuti munthu amafa kamodzi basi, zobadwanso ndi nkhani za anthu osapemphera, banga ndi banga. Amayi awiri aja adangosinthana zikhulupiriro ngati asinthana madengu pamsika. Wina adakhulupirira chifukwa ankafuna kuti zikhale zoona, mnzake adakana chifukwa zikadakhala zoona sakadagona tulo.

Emelida sadafune kudikira kuti mzimu ugwire ntchito wokha. Lachitatu lililonse ankasunga kanzimbe ndi kadongo kofewa. Dorika akatanganidwa ndi ogula, Kelita ankabwera kwa "amayi a mbiya", monga ankawatchulira. Emelida ankamukhazika pamiyendo, n'kuika pakamwa pakhutu pake.

"Sabina," ankanong'ona. "Sabina, mng'ono wanga."

Mwanayo ankangotembenuza mutu n'kuyang'ana kunjira yochokera kumtsinje.

"Ukafika kwanu," Emelida ankapitiriza, "amako akamakusambitsa, ukawafunse kuti, khala langa lija mudalitola pa moto wa yani? Wamva? Ukafunse mofatsa."

Mwana ndi mwana, adakafunsa. Akuti Dorika adagwetsa beseni. Lachitatu linalo Emelida adamuphunzitsa kanyimbo kamene Sabina ankayimba posinja, ndipo Kelita adakakayimba pakhonde Lameki akudutsa. Bamboyo adakhala pansi pomwepo, n'kulira ngati mwana. Emelida atamva zimenezi adadya bwino usiku umenewo. Musamuone ngati mfiti. Adali munthu amene adanena zoona pa maliro anthu n'kumuyesa wabodza, ndipo tsopano ankafuna kuti Dorika alawe pang'ono pang'ono, osati kamodzi.

Koma kwa Mphanda kudayamba kuchitika zina zimene Emelida sadaphunzitse munthu.

Zitenje zidayamba kusowa. Osati zatsopano, zimene wakuba angazifune, koma zakale zofewa zija amayi amaberekera ana. Mayi ankayanika pa udzu, kulowa m'nyumba, potuluka n'kupeza malo okha. Madzi a mu mtsuko wa Dorika ankatungidwa oyera madzulo, m'mawa n'kupezeka akuda, akununkha utsi. Adasintha mtsuko, adavundikira ndi mbale n'kusanjikapo mwala, koma zidali chimodzimodzi. Agalu a pakhomopo, amene ankauwa ngakhale mbuzi, adasiya kuuwa. Dzuwa likamalowa ankalowa pansi pa nkhokwe n'kumangoyang'ana kuseri kwa nyumba.

Ndiye kuseriko kunkamveka munthu akutonthoza mwana. Si nyimbo ayi, ndi kaphokoso kaja mayi amachita ndi milomo akamagwedeza khanda. Opita kukaona sankapeza munthu. Ankangopeza udzu utagona ngati padaima wina nthawi yaitali.

Wa njinga ya kabaza wina adafotokoza pamsika, Emelida akumva, kuti adakumana ndi mayi panjira ya kumtsinje chakumadzulo. Adaliza belu, mayiyo osapatuka, osacheuka. Mayiyo adali atamanga chitenje kumsana monga wobereka mwana, akudzigwedeza uku ndi uku. Pomulambalala adaona kuti m'chitenjemo mudalibe kanthu.

"Nkhope yake?" adafunsa wina.

"Sindinaione. Ndimati ndikamupitirira ndicheuke, koma khosi linakana."

"Mwina ndi wamisala."

"Mwina," adatero wa kabaza uja, koma kuyambira tsikulo ankaweruka dzuwa likadali pamwamba.

Emelida adazimva zonsezi n'kuzisonkhanitsa mumtima ngati chuma. Sadafunse kuti ngati Sabina ali mwa mwana, nanga woima panjirayo ndani. Munthu wokwiya safunsa mafunso ochepetsa chimwemwe chake. Adangoonjeza kunong'ona dzina lija, ndipo Lachitatu lililonse Kelita ankabwera wowonda kuposa kale, maso atalowa, kanzimbe n'kumangokagwira osadya.

Dorika nayenso adatha. Tsaya lidagwa, tomato ankapereka wopyola muyezo osazindikira. Adaitana akuluampingo kudzapemphera, madzi adapitirizabe kuda. Adapita mobisa kwa sing'anga wa kuphiri, yemwe adatema mphini kuzungulira banga la mwana, koma m'mawa mwake Kelita adamufunsa, akudya phala, "Amayi, bwanji mudatithina awiri malo amodzi?" Zimenezo Emelida sadamuphunzitse. Dorika adayamba kugona khomo lina, mwana khomo lina. Adasiya kumusambitsa. Mwana akati amugwire chitenje, ankachotsa kadzanjako ngati wagwidwa ndi chule.

Tsiku lina masana, Emelida akuwotcha mbiya kuseri kwa nyumba yake, adaona Dorika akubwera, opanda duku, akukoka Kelita padzanja. Sadaodire. Adaima patali ndi moto.

"Alamu, ndabwera naye."

Emelida adapitiriza kusonkhezera makungwa. "Mwabwera ndi yani? Paja inu mumati banga ndi banga."

"Musandizunzenso." Mawu a Dorika adali owuma. "Ndinaona. Pomusambitsa paja ndinaona mawere atada, mimba italimba pansi apa. Ine ndabereka, ndikanalephera bwanji kudziwa? Koma ndinali nditamutcha chumba pamaso pa mudzi wonse. Ndikanati ali ndi pakati, anthu akanati ndamupha ndine ndi pakamwa panga. Ndinatola khala n'kuika. Ndanena. Tsopano tengani mng'ono wanu, mundisiye."

Awa ndiwo mawu amene Emelida adawadikira zaka zonsezo. Adawamva kukoma, ndisakunamizeni. Adafuna kuti Dorika awabwereze pamsika, patchalitchi, pamanda.

"Mukanene zimenezi kwa Mphanda anthu onse akumva," adatero.

"Ndikanena. Koma uyu asabwerenso kwanga."

Kelita adathamangira amake n'kuwagwira mwendo. "Amayi, ndipita nawo."

Dorika adamukankha, osamuyang'ana, n'kuyamba kuyenda mofulumira, kenaka kuthamanga. Mwanayo adaima pakati pa bwalo akuitana amake mpaka mawu adatha. Pamenepo kanthu kena kadamulasa Emelida pansi pa mtima, koma adakakankhira kumbali. Adapambana. Mdani wake waulula, ndipo mng'ono wake wabwera kwawo.

Adamusambitsa mwanayo ndi madzi ofunda, adamudzoza mafuta, adamuphera nkhuku. Kelita sadadye. Thupi lidayamba kutentha dzuwa likupendeka. Emelida adamugoneka pamphasa pakhonde, n'kumamupukuta ndi kansalu konyowa.

"Sabina," adatero mwachikondi. "Wafika kwanu tsopano. Sabina."

Mwanayo adatsegula maso. "Amayi a mbiya, musamanditchule choncho."

"Chifukwa chiyani? Ndi dzina lako."

"Si langa. Ndi la amayi ena aja." Adaonjeza kuti, "Mukaitana amavomera. Kale ankavomera kutali. Tsiku lililonse mukaitana amasendera."

Emelida adasiya kupukuta. "Amayi ake ati?"

"Amene ndinali m'mimba mwawo. Khala linali pamsana pawo, koma linkawotcha ine. Ine ndinatuluka, iwo anakanika. Akundifunafuna." Kelita adayamba kulira mopanda mphamvu. "Ine sindikufuna kubwerera kuja. Kulibe mpweya. Ndikufuna amayi anga a tomato."

Nkhuku zimene zinkalowa m'khola zidaima. Mudzi wonse udangoti zii, ngakhale mitondo ya kwa aneba idaleka. Kenaka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi phulusa la mbiya zija, kudamveka kaphokoso ka milomo, ka mayi wotonthoza khanda.

Apa mpamene Emelida adaona chimene adachita. Ankayesa kuti akunola mpeni wobayira Dorika, osadziwa kuti akulozera wakufa njira ya kwa mwana wamoyo. Ndipo mwanayo, kaya adachokera kuti, adali kamtsikana kowonda kofuna amake, kamene iye adakasandutsa chinthu choopsa m'maso mwa mayi wake yemwe. Manyazi adamugwira, ndi mantha pamwamba pake.

Sadatseke n'chitseko chomwe. Adamubereka Kelita kumsana, adamanga chitenje mfundo ziwiri, n'kuyamba ulendo wa kwa Mphanda. Adaganiza kuti mwana ayenera kukagona m'manja mwa amene adamubereka ndi kumuyamwitsa, amene angamuitane ndi dzina lake lenileni. Kumbuyo sadacheuke. Njira yonse ya m'madimba ankamva mapazi ake okha, koma udzu wa m'mbali unkapitiriza kugwedezeka iye atadutsa kale.

Adafika pa Nkhonde kuli chisisira. Madzi adali ochepa, ofika m'mawondo. Pamchenga, pakamwa penipeni pa doko, padaima munthu atafulatira, chitenje chopanda kanthu chili kumsana, akudzigwedeza.

Emelida adaudziwa msana umenewo. Adausambitsa uli waung'ono, adaudzoza mafuta pa tsiku la ukwati. Adadziwa kapendekedwe ka khosi, ndi phazi lamanzere loloza m'kati. Zaka zonsezi ankapempha kuti angomuonako kamodzi.

"Akulu," mawu adatero, osachokera kwenikweni pamene padaima munthuyo. "Mwandiitana nthawi yaitali. Ndabwera."

Kumsana Kelita adalemera mwadzidzidzi, kutentha kuja n'kuyamba kuzirala, mutu n'kugwera kumbali. Emelida adamva mfundo ya chitenje ikumasuka yokha pachifuwa pake. Adaigwira ndi manja onse awiri.

"Akulu, mwandibweretsera mwana wanga. Ndinu nokha mudadziwa. Ndinu nokha mudandinenera zoona. Nditulireni."

Ndani akadamutsutsa? Adamulanda mwana, adamulanda dzina, adamutsekera mumdima. Mlandu wake udali wolungama, ndipo mboni yake idali imodzi padziko lonse. Emelida adadziwa kuti akangovomera, akangotchula dzina lija kamodzi kokha, chitenje chake chipepuka.

Adakweza mutu.

"Sindikukudziwani, mayi. Mng'ono wanga adamwalira, ndipo adamwalira wopanda mwana. Akufa sabwerera. Uyu ndi Kelita, mwana wa Dorika wa kwa Mphanda. Ndipatseni njira."

Kudzigwedeza kuja kudaleka.

"Akulu?"

"Kelita," adatero Emelida mokweza, akulowa m'madzi, maso ali kutsidya. "Kelita, gwira khosi langa. Kelita, tikupita kwa amako."

Adadutsa pafupi kwambiri moti adamva fungo la utsi wonyowa. Sadayang'ane kumbali. Ali pakati pa mtsinje kumbuyo kwake kudabuka kulira. Adakudziwa kulira kumeneko, ndi kuja ankalira Sabina ali kamwana akasiyidwa yekha pakhomo. Kenaka kudasintha, kudatsika, kudakhala china chimene sichidalinso kulira. Emelida adaluma mano n'kupitirira. Pokwera gombe la kutsidya adamva timanja tikumugwira khosi.

Kwa Mphanda adapeza Dorika atakhala pakhonde mumdima, osayatsa moto. Ataona amene akubwera adaimirira kuti athawire m'nyumba.

"Imani," adatero Emelida. "Ndinakunamizani. Funso la khala lija ndinamuphunzitsa ndine. Nyimbo ija ndine. Zonse ndine, ndinkamupatsa nzimbe kuti azinena. Mwana uyu si Sabina, sadakhalepo Sabina. Ndi wanu."

"Nanga madzi? Nanga zija ananena za kuthinana?"

"Ndine," adatero Emelida, akumuyang'ana m'maso osaphethira. "Ndinkatuma anthu. Munkanena zoona pachiyambi paja, alamu. Banga ndi banga."

Dorika adamuyang'ana nthawi yaitali. Kaya adakhulupirira, kaya adangosankha kukhulupirira, ine sindidziwa, ndipo mwina palibe kusiyana. Emelida adamasula chitenje. Mwana adatambasula manja, Dorika adazengereza pang'ono, kenaka adamulandira n'kumufinya pachifuwa, akumutchula dzina mobwerezabwereza, akumununkhiza m'mutu. Kelita adapempha madzi, kenaka adapempha phala.

"Ndinu munthu woipa," adatero Dorika, misozi ikutsika. "Mwana wosalakwa."

"Ndine woipa, inde. Muzimuitana dzina lake pafupipafupi. Lina lija lisamvekenso pakhomo pano."

Emelida adapinda chitenje chake n'kudzimanga m'chiuno. Kunja kudali kutada. Agalu adali atatuluka pansi pa nkhokwe, koma onse adaima m'mphepete mwa bwalo, atayang'ana njira ya kumtsinje, michira ili pansi. Dorika adawaona agaluwo, adayang'ananso Emelida, ndipo nkhope yake idasintha.

"Kwada," adatero motsitsa. "Ngakhale tidane, gonani konkuno. Muwoloka mawa."

Emelida adapukusa mutu. Adali atamva kale, kutali pang'ono kumunsi kwa njira, mawu akuitana. Sankaitananso mwana.

"Ndikagona pano, abwera pano," adatero. "Tsopano mlandu ali nawo ndi ine. Lowani, mutseke chitseko."

Adadikira mpaka adamva mpiringidzo ukugwa m'kati. Kenaka adatsetsereka yekha kulowera kumtsinje, kukaonana ndi mng'ono wake amene adamukana.